Ampulifaya ya Amalume

MAWU OYAMBA

Anzanga, mwamaliza sukulu ya kwacha. Tsopano mukutha kuwerenga, kulemba ndi kuwerengera. Koma khasu losalimira limachita dzimbiri. N'chifukwa chake takulemberani nkhani iyi kuti muziwerenga kunyumba.

Nkhaniyi ndi ya mnyamata wina wa m'kalasi lathu kuno kwa Tengani, m'boma la Nsanje. Ikunena za chipangizo chokuza mawu a gitala, chimene oimba amachitcha ampulifaya. Muona mmene chimagwirira ntchito, mmene amalumikizira mawaya ake, ndi mmene mmisiri amafufuzira vuto chikafa. Werengani gawo limodzi pa tsiku. Mawu achilendo tawamasulira kumapeto.

GAWO 1: BOKOSI LA KUDENGA

Mnyamatayu ndi mlimi. Amalima thonje ndi mapira kumtunda, ndipo madzi akaphwa amadzala chimanga ndi mbatata kudimba, m'mbali mwa Shire. Madzulo amaimba gitala. Gitala yake yoyamba adapanga yekha ndi chigubu cha mafuta, thabwa ndi mawaya a mabuleki a njinga. Pambuyo pake adagula gitala yamagetsi yakale kwa munthu wina ku Bangula. Koma gitala yamagetsi yopanda ampulifaya imangonong'ona.

Amalume ake adagwira ntchito zaka zambiri ku Bulawayo, m'shopu yokonza mawailesi. Ali komweko adapanga okha ampulifaya ndi zipangizo za wailesi yakale. Pobwerera kumudzi adabwera nayo. Pamene namondwe Freddy adafika mu Malichi 2023, madzi adalowa m'nyumba. Ampulifaya adaipachika kudenga. Sidamire, koma idamwa chinyontho, ndipo idakhala komweko miyezi yambiri.

Tsono kudabwera ukwati wa mlongo wake wa mnyamatayo. Iye adalonjeza kuti adzaimba. Osauza munthu, adatsitsa bokosi lija napita nalo kumsika, m'kanyumba kometeramo tsitsi mmene muli magetsi. Adalowetsa pulagi. Timabotolo ta m'katimo tidayaka, koma mawu osatuluka. Adazimitsa, nazula pulagi, natsegula kunsi kwa bokosi. Kenaka adapisamo chala.

Phaa! Adagwera kukhoma. Dzanja lonse lidachita dzanzi.

M'mawa mwake adabwera kukalasi chala atamanga kansanza.

"Aphunzitsi," adatero iye, "ine ndinazimitsa, pulagi ndinazula. Nanga chandimenyacho n'chiyani? Kapena amalume anatsirika bokosi lawo?"

Ndidamuyankha kuti, "Achimwene, mwini bokosi ali moyo. Tiyeni tikawafunse."

Amalume atamva sadaseke. "Iwe, ukanafa dzulo. Safunsa anadya phula. Mulibe mankhwala mmenemo. Muli magetsi osungidwa."

Adalowa m'nyumba natuluka ndi kope lakale. M'kopemo adajambulamo mapu a mawaya onse, ndi manambala ake.

"Mphwanga, maso angawa achita ng'ala. Nzeru ndili nazo, koma manambala sindikuwaona. Iwe maso uli nawo. Kodi kusukulu kwanuko mwafika pa manambala?"

"Tinamaliza, amalume."

"Basi, uziwerenga iweyo. Ine ndizikuuza tanthauzo lake."

GAWO 2: KODI VALAVU N'CHIYANI?

Timabotolo tagalasi tija dzina lake ndi mavalavu. Si valavu ya chubu cha njinga ayi. Iyi ndi valavu ya magetsi.

M'kati mwa valavu mulibe mpweya. Adaupopa wonse. Pakati pali kawaya kamene kamatentha mpaka kufiira. Pakatentha, mphamvu ya magetsi imadumpha kuchoka pakatipo kupita ku kachitsulo ka m'mbali. Panjira pake pali kawaya kena kolukana ngati sefa. Kameneka ndiye mlonda wa pachipata.

Amene mudafika ku Nchalo mudaona ngalande zothirira nzimbe. Munthu mmodzi amakweza kapena kutsitsa chitseko cha ngalande, ndipo madzi ambirimbiri amamvera dzanja lake. Valavu imachita chimodzimodzi. Kamphamvu kochepa kochokera ku gitala kamatsegula ndi kutseka chipata. Mphamvu yaikulu imadutsa motsata kamphamvu kaja. Umu ndi mmene mawu aang'ono amasandukira aakulu.

Valavu yoyamba adaipanga ndi Mngelezi wina, John Ambrose Fleming, mu 1904. Mu 1906 Lee de Forest wa ku America adawonjezeramo kasefa kaja, ndipo m'kupita kwa nthawi valavu yotere idakhala yokuzira mawu.

Makolo athu adawadziwa mavalavu kudzera m'wailesi. Mu 1949 kampani ya Ever Ready idayamba kugulitsa wailesi yotsika mtengo yotchedwa Saucepan Special. Inali yozungulira ngati poto, yabuluu, ya mavalavu 4, ndipo inkayendera batire lalikulu. Anthu a ku Nyasaland ankamverapo nkhani ndi nyimbo za m'Chinyanja zochokera ku nyumba ya wailesi ya ku Lusaka, kumene kunkaimba Alick Nkhata. Nthawi imeneyo MBC kunalibe. Iyo idayamba mu 1964.

Mu 1947 ku America adatulukira kachipangizo kena kotchedwa thiranzisita. N'kakang'ono, sikasweka ngati galasi, ndipo kamayendera mabatire a tochi. Mawailesi a Nzeru, amene ankapangidwa ku Blantyre, anali a mathiranzisita. Motero mavalavu adachoka m'mawailesi. Koma oimba gitala ambiri amawakondabe chifukwa cha mawu ake onenepa, ndipo mafakitale ena kunja akuwapangabe.

GAWO 3: NJIRA ZIWIRI

Amalume adati, "Mawayawa akuoneka ngati mizu ya nsungwi. Koma njira zilipo ziwiri zokha: njira ya mawu ndi njira ya mphamvu. Werenga."

Mnyamata adaika chala pa mapu nayamba kuwerenga pang'onopang'ono.

Njira ya mawu ili motere:

1. Nsambo yachitsulo imanjenjemera.
2. Kunsi kwa nsambo kuli pikapu. M'pikapu muli maginito ndi waya wopyapyala wokulunga kambirimbiri. Pikapu imasandutsa kunjenjemera kuja kukhala kamphamvu ka magetsi.
3. Kamphamvuko kamayenda m'chingwe cha gitala kulowa mu ampulifaya.
4. Valavu yaing'ono, yolembedwa ECC83, imakakuza.
5. Kamadutsa pa kachitsulo kopotokola, kokwezera ndi kutsitsira mawu.
6. Valavu yaitali, yolembedwa EL84, imakapatsa nyonga.
7. Thiransifoma yaing'ono imapereka nyongayo kwa sipika.
8. Sipika imakankha mpweya, ife n'kumva nyimbo.

Njira ya mphamvu ili motere:

1. Magetsi a pakhoma kuno kwathu ndi a mavolti 230.
2. Amalowa pa pulagi, n'kudutsa pa fyuzi ndi pa swichi.
3. Amafika mu thiransifoma yaikulu. Iyi imatulutsa mphamvu ziwiri. Ina ndi yochepa, mavolti 6.3, yotenthetsera mavalavu. Ina ndi yaikulu, yoposa mavolti 250.
4. Valavu yachitatu, yolembedwa EZ80, imawongola mphamvu yaikuluyo kuti iziyenda mbali imodzi.
5. Makapasita amaisunga ndi kuisalaza.

"Imani pamenepo, amalume. Kusunga?"

"Eya. Ukapopa madzi pa mjigo n'kudzaza mtsuko, kenaka n'kusiya kupopa, kodi madzi a mumtsuko amathawa?"

"Ayi, amakhala."

"Kapasita ndi mtsuko wa magetsi. Unazula pulagi, koma mtsuko unali wodzaza. Unapisa chala mumtsuko wa mavolti 300."

Ampulifaya ya valavu imodzi ya EL84 imatulutsa mawati ngati 5. Nambalayi ndi yaing'ono, koma ndi sipika yabwino mawu ake amakwana pabwalo la pakhomo.

GAWO 4: MALAMULO OTETEZA MOYO

Gawo ili muliwerenge kawiri. Muwawerengerenso ana anu.

Lamulo loyamba. M'kati mwa ampulifaya ya mavalavu si mophunzirira wekha. Tsegulani pokhapokha pali mmisiri wodziwa.

Lamulo lachiwiri. Zimitsani, ndipo zulani pulagi. Ikani pulagiyo poti muziiona.

Lamulo lachitatu. Khuthulani makapasita musanagwire kanthu. Mmisiri amatenga rezisita yokhala ndi mawaya awiri okutidwa bwino. Waya wina amapanitsa ku chitsulo cha ampulifaya, wina amagunditsa ku mwendo wa kapasita wolembedwa +. Amadikira. Kenaka amayesa ndi mita. Mita ikaonetsa pafupi ndi 0, ndiye kuti mtsuko watha. Osakhuthula ndi sikuludiraiva. Imathetheka moto ndi kuwononga kapasita.

Lamulo lachinayi. Valani nsapato zamphira. Imani pa thabwa louma. Manja akhale ouma. Kuno kuchigwa timachita thukuta kwambiri, ndipo khungu lonyowa limalowetsa magetsi msanga. Vulani mphete ndi wotchi.

Lamulo lachisanu. Mmisiri akamayesa magetsi ali oyaka, amagwiritsa dzanja limodzi. Linalo amaika m'thumba. Magetsi akalowa dzanja ili n'kutulukira dzanja linalo, amadutsa pamtima.

Lamulo lachisanu ndi chimodzi. Chingwe cha pakhoma chikhale cha mawaya atatu. Wabulauni ndiye wamoto. Wabuluu ndi wobwerera. Wobiriwira ndi chikasu ndi waya wa dothi, amene amisiri amati earth. Pa zingwe zakale wamoto anali wofiira, wobwerera wakuda, wa dothi wobiriwira. Waya wa dothi amamangidwa zolimba ku chitsulo cha ampulifaya. Chifukwa chake n'ichi: nsambo za gitala zimalumikizana ndi chitsulocho kudzera m'chingwe cha gitala. Magetsi akathawira ku chitsulo popanda waya wa dothi, amafika ku zala za woimba. Mu 1976, ku England, Keith Relf, amene kale ankaimba m'gulu la Yardbirds, adafa m'nyumba mwake atagwidwa ndi magetsi akuimba gitala.

Lamulo lachisanu ndi chiwiri. Mawailesi ena akale a mavalavu alibe thiransifoma yaikulu. Chitsulo chawo chimalumikizana ndi magetsi a pakhoma mwachindunji. Kawirikawiri manambala a mavalavu awo amayamba ndi U, monga UL84 kapena UY85. Wailesi yotere osalumikizako gitala ngakhale tsiku limodzi.

Nanga munthu akagwidwa ndi magetsi? Osamugwira ndi manja, mungagwidwe nonse. Zimitsani kapena zulani pulagi. Ngati simungathe, mukankheni ndi ndodo youma. Kenaka thamangirani naye kuchipatala, ngakhale akunena kuti ali bwino.

GAWO 5: KULUMIKIZA MAWAYA

Ampulifaya ya amalume inali ndi chingwe chakale cha mawaya awiri. Mawaya ena anali atauma ndi kung'aluka. Adagwirizana kuti asinthe onse owonongeka. Izi ndi zimene amalume adamuphunzitsa mphwawo.

Yamba ndi pensulo. Usanachotse waya, lemba kumene wachokera ndi kumene akupita. Ukachotsa mawaya atatu osalemba, wachinayi udzaiwala.

Werenga nambala ya valavu. ECC83, EL84 ndi EZ80 zonse zili ndi miyendo 9, ndipo iliyonse imalowa pa mpando wa inzake. Koma ntchito zake n'zosiyana. Ukaika valavu pa mpando wolakwika, uwotcha zinthu. Lemba nambala ya valavu pambali pa mpando wake.

Dziwa kuwerenga miyendo. Pakati pa mwendo 1 ndi mwendo 9 pali mpata waukulu. Ukayang'ana kunsi kwa mpando, yambira pa mpatapo n'kumawerenga motsata mivi ya wotchi. Pa EL84 ndi EZ80, mawaya otenthetsera amapita ku miyendo 4 ndi 5. Pa ECC83, miyendo 4 ndi 5 amaiphatikiza n'kulandira waya mmodzi, ndipo waya winayo amapita ku mwendo 9.

Pota mawaya otenthetsera. Awiriwo uwapote pamodzi ngati chingwe cha mlaza, n'kuwagoneka m'mbali mwa chitsulo. Ukapanda kutero ampulifaya imalira ngati njuchi.

Waya wa mawu akhale wamfupi. Asayandikane ndi thiransifoma yaikulu. Akafunika kudutsana ndi waya wa mphamvu, adutsane mopingasa ngati mtanda, osati kuyenda limodzi.

Fyuzi ikhale pa waya wamoto. Ikapsa, ika ina ya nambala yomweyo. Osaikapo msomali kapena pepala lonyezimira la m'paketi ya fodya. Fyuzi ndi mlonda amene amafa kuti nyumba isapse.

Wotcherera bwino. Pala waya kuti awale. Mukolowetse pa mwendo kuti agwire yekha. Tenthetsa waya ndi mwendo pamodzi, kenaka gunditsa mtovu kuti usungunuke ndi kulowerera. Pabwino pamakhala posalala. Poipa pamakhala chibulumwa chotuwa. Gwiritsa mtovu wa mawailesi. Asidi amene amawotcherera ndowa amadya mawaya. Pomaliza usambe m'manja, chifukwa mtovu ndi poizoni.

Dziwa mitundu ya rezisita. Rezisita ndi kachipangizo kochepetsa mphamvu. Kukula kwake amayesa m'maomu. Nambala yake sailemba ndi zilembo, amailemba ndi mizere yamitundu:

Wakuda 0
Wabulauni 1
Wofiira 2
Walalanje 3
Wachikasu 4
Wobiriwira 5
Wabuluu 6
Wapepo 7
Wotuwa ngati phulusa 8
Woyera 9

Pa rezisita ya mizere inayi, mizere iwiri yoyamba ndi manambala. Wachitatu umanena kuchuluka kwa maziro. Wachinayi, wagolide kapena wasiliva, uli kumapeto, ndipo suwerengedwa m'nambalayo. Chitsanzo: wabulauni, wakuda, wachikasu. Ndiye kuti 1, 0, ndi maziro 4. Yankho ndi maomu 100,000.

GAWO 6: KUFUFUZA VUTO

"Mmisiri wosadziwa," adatero amalume, "amasintha zinthu zisanu nthawi imodzi. Zikatheka sadziwa chathandiza. Zikakanika sadziwa chalakwika. Ife tiyamba ndi chapafupi, chimodzichimodzi, ndipo uzilemba. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Choyamba ndi kuyang'ana ndi kununkhiza, pulagi ili yozula. Funani waya wodyedwa ndi makoswe, chisa cha mavu, mphemvu, dzimbiri, kapena malo akuda opserera. Yang'ananinso mavalavu. Pa galasi la valavu yabwino pamakhala banga lonyezimira ngati siliva. Bangalo likayera ngati ufa, mwalowa mpweya, valavuyo yafa. Ampulifaya imene yamwa chinyontho iyambe yauma masiku angapo pamalo opita mphepo isanayatsidwe.

Kenaka mverani chimene ampulifaya ikuchita. Vuto lililonse lili ndi chizindikiro chake.

Mavalavu sakuyaka, mawu palibe. Yesani chinthu china pa soketi yomweyo. Ngati magetsi alipo, onani pulagi, chingwe, fyuzi ndi swichi.

Mavalavu akuyaka, mawu palibe. Dikirani kaye theka la mphindi, poti valavu imayamba ntchito ikatentha. Onani ngati mwakweza mawu pa gitala. Yesani chingwe china cha gitala, chifukwa zingwe ndizo zimafa kawirikawiri. Kenaka zulani pulagi, masulani mawaya a sipika, n'kuwagunditsa ku batire limodzi la tochi la mavolti 1.5. Sipika yamoyo imati "thu". Kumbukirani: osayatsa ampulifaya ya mavalavu sipika isanalumikizidwe. Thiransifoma yaing'ono ikhoza kupsa.

Ikulira huuu ngati njuchi mumng'oma. Chotsani chingwe cha gitala. Kulira kukatha, vuto lili m'gitala kapena m'chingwe. Kukapitirira ngakhale mutatsitsa mawu mpaka pansi, kawirikawiri makapasita akalamba.

Ikuthetheka ngati chimanga chokazinga. Miyendo ya valavu yachita dzimbiri, kapena powotcherera pena pamasuka. Mmisiri amagogoda mawaya ndi kamtengo kouma ka nsungwi kuti amve pamene pali vuto. Osagwiritsa pensulo, poti mtima wake wakudawo umayendetsa magetsi.

Ikulira tswiii. Mwina gitala yayandikira sipika. Sunthirani kumbali. Kukapanda kutha, waya wolowetsa mawu wayandikana ndi waya wotulutsa mawu.

Fyuzi ikungopsa. Pena pake mawaya agundana. Osapitiriza kuika mafyuzi. Amisiri amayatsa ampulifaya yotere kudzera m'babu lakale la kawaya m'kati, la mawati 60. Zonse zikakhala bwino, babu limawala pang'ono n'kuzilala. Likawala kwambiri osaleka, pali pogundana. Mababu a masiku ano osatentha aja sagwira ntchito imeneyi.

Utsi, fungo la chopserera, kapena chitsulo cha m'kati mwa valavu kufiira ngati khala. Zimitsani nthawi yomweyo. Kawaya ka pakati kokha ndiko kayenera kuwala.

Mawu enanso ndi awa. Valavu imatentha moti ikhoza kuwotcha chala. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala kuno kumatentha kuposa madigiri 40. Ikani ampulifaya pamthunzi, ndipo osaifunditsa nsalu ikamagwira ntchito.

GAWO 7: ZIMENE ADAPEZA

Adabwereka mita kwa wokonza mafoni wa pamsika. Amalume adakhala pampando, mphwawo pa thabwa louma, kope lili pakati.

Tsiku loyamba adakhuthula makapasita, nachotsa chisa cha mavu, napeza waya wa sipika wodyedwa ndi makoswe. Adausintha. Adaikanso chingwe cha mawaya atatu. Mnyamata adalemba: "Waya wa sipika. Tasintha. Mawu palibe."

Tsiku lachiwiri adayesa marezisita limodzilimodzi, pulagi ili yozula. Atafika pa rezisita ya pa mwendo 3 wa EL84, mita sidaonetse kanthu. Mwendo wake unali utaduka ndi dzimbiri. Valavu yaitali ija inkangowala osagwira ntchito. N'chifukwa chake mawu sankatuluka. N'chifukwa chakenso mtsuko uja udakhala wodzaza tsiku la ngozi, poti womwa wake wamkulu anali atagona.

Amalume adakhuthula kachitini ka marezisita akale. Adatolapo imodzi naiyandikiza kumaso.

"Iyi ndi yomweyo. Ika."

"Pepani amalume, mapu akuti 150. Ndiye kuti wabulauni, wobiriwira, wabulauni. Koma iyi mzere wachitatu ndi wofiira. Maziro awiri. Imeneyi ndi 1,500."

Amalume adakhala chete pang'ono. "Yesa ndi mita."

Mita idagwirizana ndi mnyamata. Amalume adaseka mpaka kutsokomola. "Wandigwira, mphwanga. Funa ina."

Ataika ya 150, gitala idalankhula. Koma pansi pa nyimbo pankamveka njuchi zija, huuu. Adachotsa chingwe cha gitala, kulira osatha. Atazula pulagi ndi kukhuthula, adaona kuti kapasita imodzi yatupa. Pambali pake padalembedwa 47µF 450V.

Msuweni wake ankapita ku Limbe. Mnyamata adalemba kakalata ndi dzanja lake, nakopera manambala onse awiri. Masana foni idalira.

"Achimwene, ndaipeza ya 47 yomweyo. Ndi yaing'ono bwino, komanso yotchipa."

"Werenga nambala yachiwiriyo."

"Alemba 50V."

"Isiye. Muno mumadutsa mavolti 300. Imeneyo iphulika. Funa ya 450V monga ndalembera."

Kapasita yoyenera itafika, adaonetsetsa kuti mwendo wa + wapita kumene mapu akunena, poti ikatembenuzidwa imaphulikanso. Amalume adamuuza kuti awonjezere rezisita ya maomu 220,000 pakati pa miyendo iwiri ya kapasitayo. Mizere yake ndi wofiira, wofiira, wachikasu.

"Imeneyi ndi ya chiyani, amalume? Pa mapu palibe."

"Ndi kabowo ka pansi pa mtsuko. Ukazimitsa, magetsi azidontha okha. Ndikanaika kalekale, chala chakocho chikanakhala bwino. Ilembe pa mapupo. Koma ngakhale ilipo, uziyesabe ndi mita."

Pa tsiku la ukwati ampulifaya idaimba kuyambira masana mpaka usiku. Amalume adakhala pafupi nayo, akumagwira bokosi ndi kuseri kwa dzanja kuti amve kutentha kwake. Anthu atabalalika, adatenga kope lija napatsa mphwawo.

"Sunga. Masamba otsalawo ndi ako."

Mnyamata adalandira ndi manja awiri. "Takhuta, amalume."

Kwa inu amene kwanu kulibe magetsi a ESCOM, dziwani kuti mavalavu amadya mphamvu yambiri. Ampulifaya ya mathiranzisita yoyendera batire la mavolti 12, lotchajidwa ndi sola, ndi yosavuta ndiponso ngozi yake ndi yochepa. Koma njira yofufuzira vuto ndi yomweyi, kaya ndi wailesi, tochi, sola kapena njinga yamoto. Werengani zolembedwa. Yambani ndi chapafupi. Sinthani chinthu chimodzi. Lembani chimene mwachita.

MAWU ATSOPANO

Ampulifaya: chipangizo chokuza mawu.
Valavu: kabotolo kagalasi kopanda mpweya, kolamulira kayendedwe ka magetsi.
Pikapu: maginito ndi waya za kunsi kwa nsambo za gitala.
Thiransifoma: chipangizo chokweza kapena kutsitsa mavolti.
Kapasita: chipangizo chosunga magetsi.
Rezisita: chipangizo chochepetsa mphamvu ya magetsi.
Fyuzi: kawaya kamene kamapsa magetsi akachuluka.
Mavolti: muyeso wa kukankha kwa magetsi. Chizindikiro chake ndi V.

MAFUNSO

1. N'chifukwa chiyani mnyamata adamenyedwa ndi magetsi pulagi ili yozula?
2. Tchulani mitundu itatu ya mawaya a m'chingwe cha pakhoma. Wa dothi ndi uti?
3. Kodi mungachite chiyani mnzanu atagwidwa ndi magetsi?
4. Rezisita ili ndi mizere iyi: wachikasu, wapepo, walalanje. Ndi ya maomu angati?
5. Chotsani 150 mu 1,500. Kodi amalume adaphonya ndi maomu angati?
6. N'chifukwa chiyani mnyamata adakana kapasita ya 50V?

ZOTI MUCHITE

Tengani wailesi, tochi kapena tchaja ya foni. Osatsegula. Yang'anani kumbuyo kwake, ndipo koperani m'kope lanu manambala onse okhala ndi V. Bwerani nawo pa tsiku lokumana kuti tidzawerenge limodzi.

Kambiranani ndi anzanu: m'mudzi mwanu muli akuluakulu ati amene ali ndi luso, koma maso awo atopa? Ndani angapite kukakhala nawo ndi kope ndi pensulo?